Makina Okonda Akamwini

Lifidzi, 12 Setembro 2025

Wokondedwa mphwanga Denise,

Landira moni wa atsibweni ako Venâncio. Ife kuno tili bwino, kupatula chifuwa cha fumbi ndi bondo langa limene layamba kulosera mvula mitambo isanaganize n'komwe. Kaya iwe ku Beira kumeneko, kumene amati munthu amatuluka thukuta ali m'bafa.

Kalatayi ndalemba papepala monga mwa chizolowezi changa. Ndinaphunzitsa ana mpaka kupuma ntchito, sindingayambe lero kulankhula ndi chala chimodzi ngati nkhuku yojompha. Akazi anga, a tiya ako Mónica, aijambula ndi selula mawa akapita kumsika ku Ulongwe, kumene rede, netiweki ya selula, imagwira, n'kukutumizira.

Choyamba ndikuyamikire. Makina amene unapangira kooperativa yathu ayamba ntchito. Masiku ano mlimi sakagwadanso kwa sekeretaryo. Uthenga umalowa mu selula, ndipo amene walandira uthengawo ndiye amakatenga matumba, iye mwini wake, osati wotumidwa. Ndayenda mudzi wonse kuuza anthu kuti nzeru zimenezi zatuluka m'mbumba mwanga, ndipo ena ndawauza kawiri.

Chachiwiri ndicho chandigwiritsa cholembera. Adubu, feteleza uja, anagawidwa Lachiwiri. Amayi ako anagwira selula kuyambira m'mawa, kupita nayo kumadzi, kupita nayo kudimba. Sinalire. Masana tinangoona mota, njinga yamoto, ikutuluka ku almazeni, nkhokwe ya kooperativa, itasenza matumba awiri, pamwamba pake pali abambo ako Agostinho atavala magalasi akuda. Uthenga wa munda wa amayi ako unapita kwa iwo. Munda umene unali wa agogo ako, ndi amayi awo a agogo ako! Wapita kwa munthu amene anaponya khasu n'kukakhala ku Kalomwe pamalire, kusintha makwacha ndi mametikali pansi pa ambulera, mkazi wina ali pambali. Dzuwa lisanalowe adubuyo anali atawoloka kale ku Dedza. Akuluakulu anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, koma sanatiuze kuti mlambawo umabwereranso kudzatenga adubu.

Amayi ako zawafika pamtima. Dzulo anati, "Mwana amene anaiwala njira ya kwawo, makina ake angandidziwe bwanji?" Akuganiza kuti unachita dala, kuti wasankha abambo ako. Ine ndawatsutsa, koma ndilibe umboni.

Mbewu ya kachewere igawidwa mu Novembro. Adubu munthu amapempha kwa anzake pang'onopang'ono, koma mbewu ikapitanso kwa alamu angawo, chaka chino mundawo ugona. Tiuze chachitika, ndiponso tiuze kuti ubwera liti.

Ndine atsibweni ako,
Venâncio

Beira, 18 Setembro 2025

Atsibweni,

Ndalandira chithunzi cha kalata yanu, ngakhale chala cha a tiya chinaphimba ngodya imodzi. Ine ndili bwino, ntchito yokha ndiyo yachuluka. Amayi muwapatse moni, muwauzenso kuti ndikuimba koma sakuyankha.

Nkhani ya adubu yandiwawa, koma atsibweni, makina salakwa chonchi. Ndiloleni ndikhale profesori wanu kamodzi kokha. Mu porogaramayo muli chikombole chachikulu, ngati cha njerwa, chimene ife timachitcha klasi. Dzina lake ndi Banja. Anachipanga ndi mnzanga Valter, wa ku Gaza, kumwera kwa Mozambique, ine ndisanalowe ntchito. Nditafika ndinaona kuti kwathu mabanja sali a mtundu umodzi, ndiye pansi pake ndinaumbapo zikombole ziwiri zazing'ono. China ndi Chitengwa, kumene mkazi anatsata mwamuna ndipo munda ndi wa bambo. China ndi Chikamwini, kumene mwamuna ndiye anabwera ndipo munda ndi wa mayi. Chilichonse ndinachiphunzitsa yankho lakelake pa funso loti "mwini munda ndani?"

Ndinakangana ndi anzanga onse kuti zimenezi zilowemo. Iwo amaona ngati ndikunena nthano ndikawauza kuti kwathu ukwati ukatha mwamuna amachoka ndi bulangete lokha. Pokanganapo ndinkaganiza za amayi. Lero amayi omwewo akuti ndasankha abambo!

Ndisanatumize porogaramayo ndinayesa Chikamwini, ndipo chinayankha bwinobwino kuti munda ndi wa mkazi. Choncho vuto lili kwa amene analowetsa maina. Pitani kwa asekeretaryo a Serafim mukaone ngati banja lathu sanaliike ku Chitengwa. Paja iwo amalemba diso lina lili pa komputadori, lina lili pamsewu kuona amene akudutsa.

Za kubwera kumudzi, panopa n'zovuta. Tidzaona pa Natale, nthawi ya Khirisimasi.

Mphwanu,
Denise

Lifidzi, 26 Setembro 2025

Denise mphwanga,

Moni. Tadzuka bwino, bondo lokha ndilo likupitiriza ulaliki wake.

Ndinapita kwa a Serafim monga unandituma. Ndinavala kazako, jekete langa la Lamulungu, ndinakonza ndi mawu oti ndikawagwire nawo. Iwo sanatsutse kanthu. Anangotembenuza komputadori kuti iyang'ane kwa ine, nati, "Aprofesori, werengani nokha, paja kuwerengaku munatiphunzitsa ndinu." Panalembedwa Serafina, pambali pake Chikamwini, zilembo zazikulu zoti ndi wopanda magalasi yemwe aone. Ndinatuluka ndikuyamikira nyengo.

Ndiye imva izi. Si ife tokha. Banja lililonse la chikamwini uthenga unapita kwa mwamuna, kaya alipo kaya anathawa, malinga ngati dzina lake linalembedwa tsiku lija polembetsa. Ndipo Lifidzi waona chodabwitsa: amuna othawa akubwerera. Amuna a Sesilia, mnansi wa amayi ako uja, anapita ku Moatize kukafuna ntchito ya malasha mwana ali kumsana. Mwanayo pano ali ku shikola. Sabata yatha atulukira, selula m'manja, akuti kooperativa yawaitana. Akhala pakhonde atatambasula miyendo, akufunsa kuti ndiwo ndi chiyani lero. A Sesilia anali atawalira kale n'kupukuta misozi. Apadiri akhala akulalikira chaka ndi chaka kuti amuna abwerere ku mabanja awo, osaphula kanthu. Iwe wakwanitsa ndi matumba awiri a adubu.

Abambo ako ndiye akunyada ku Kalomwe konse. Aliyense wodzasintha ndalama amamuonjezera nkhani yaulere, yoti mwana wawo ndi injinyera ndipo makina ake amadziwa mwini munda weniweni. Atumiza mawu kwa ine kuti tikambirane za "munda wawo". Ndawayankha kuti munda wawo ndi mthunzi wa ambulera ija. Akuti mbewu ikatuluka adzabzala okha. Tonse tikudziwa kuti idzabzalidwa m'chiwaya cha tchipisi ku Dedza.

Selula ya amayi ako usavutike kuimbira. Anaiika mu mtsuko wa nyemba n'kuvundikira, akuti ipumule poti yatopa ndi kudikira. Tinalira makina, ndipo walira mvula walira matope, koma matope amenewa agwera mlongo wanga. Funafunanso bwino m'zikombole zakozo.

Atsibweni ako,
Venâncio

Lifidzi, 17 Outubro 2025

Denise,

Kodi ku Beira mapepala atha, kapena rede nayonso yalowa mu mtsuko? A tiya ako abwerako ku Ulongwe katatu opanda yankho lako. Mabingu ayamba kumveka cha ku Domwe. Amayi ako akweza mizere munda wonse, okha, asakudziwa ngati adzaikamo kanthu. Ndikawauza kuti uli pa ntchito yofufuza, amati kukhala chete kwako ndiye yankho, ndipo alimva.

Lemba ngakhale moni yekha.

Venâncio

Beira, 23 Outubro 2025

Atsibweni,

Moni, ndipo pepani. Sindinafune kulemba ndilibe chonena. A Serafim mukawapepese m'malo mwanga, maso awo onse awiri alibe mlandu.

Vuto ndalipeza. Ndi liwu limodzi la m'chinenero cha Java chimene timalembera porogarama, liwu lake static. Ndiyesa kufotokoza mwa Chinyanja, mukaseka museke.

Porogarama ikafunsa funso, imayenera kudziwa kuti woyankha ndani. Pali njira ziwiri. Yoyamba m'mabuku amati ligação estática, ine ndingati kumangiratu. Woyankha amasankhidwa pamene porogarama ikumangidwa kuno ku Beira, isanaone banja ngakhale limodzi. Makina amangowerenga dzina lolembedwa pathumba, osasuzumira m'kati. Yachiwiri ndi ligação dinâmica, kumanga pa nthawi yake. Makina amadikira mpaka tsiku lotumiza uthenga, n'kuona kuti banja limene lafika patsogolo pawo ndi la mtundu wanji kwenikweni, n'kufunsa lomwelo.

Potumiza mauthenga, mabanja onse amadutsa pamzere atavala dzina limodzi, loti Banja. Funso la mwini munda likanakhala la njira yachiwiri, banja lathu likanafika n'kunena kuti ine ndine Chikamwini, munda ndi wa Serafina. Koma Valter analilemba ndi static. Ndiye makina ataona dzina loti Banja anatenga yankho la chikombole chachikulu, limene Valter analemba monga amachitira kwawo: mwamuna. Mayankho anga awiri aja anali momwemo, abwinobwino, kungoti palibe anawafunsa.

Inenso ndinathandizira. Pamene ndinkaumba zikombole zanga, komputadori inakana, inati funso la kholo ndi lomangiratu, la ana silingakhale losiyana nalo. M'malo mochotsa static kwa kholo, ndinaiika kwa ana kuti isiye kudandaula, ndipo inasiyadi. Poyesa ndinkaitana Chikamwini ndi dzina lake lenileni, n'chifukwa chake chinkandiyankha zondisangalatsa. Zimene a Serafim anakuonetsani n'zoonanso, chifukwa funso loti "ndiwe wa mtundu wanji" lilibe static, limafunsidwa pa nthawi yake.

Mankhwala ake ndi kufufuta liwulo kwa kholo ndi kwa ana, n'kukonza timizere tingapo. Ashefi, abwana anga, avomera kuti tichite sabata yamawa, mbewu isanagawidwe.

Amayi muwawerengere pang'onopang'ono. Za static zikawasokoneza muzidumphe, mungowauza kuti sindinasankhe abambo. Makinawo sanandifunse ine, monga mmene sanawafunsire iwo. Ndikuwasowa, ndipo zikundipweteka kuti akundiganizira zotere.

Denise

Lifidzi, 27 Outubro 2025

Mphwanga wokondedwa,

Kalata iyi ndajambula ndekha ndi selula yanga, nditakwera pachulu kuseri kwa tchalitchi, n'chifukwa chake yapendama. A tiya ako asaione.

Phunziro lako ndawerenga kawiri ndipo ndamva. Ukanakhala profesori wabwino ukanapanda kukonda ndalama. Amayi ako ndinawawerengera zonse, osadumpha. Anamvetsera akusenda nyemba, kenaka anafunsa, "Nanga makinawo akapanda kusuzumira m'thumba, anawauza ndani kuti muli mwamuna?" Ndinati Valter. Anati, "Valter ndinabala ine?"

Tsopano pali nkhani ina. Komisau ya kooperativa inakumana Loweruka, ndipo paja ndi amuna okhaokha kupatula wosunga chuma, amene tsikulo anali kumaliro. Agwirizana kuti makina sanalakwe. Akuti chinthu chimene chabweza amuna m'mabanja sitingachitche cholakwa, chimenecho ndi chitukuko. Andipempha, monga munthu wodziwa kulemba, kuti ndikukumbutse kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Liwu lakolo lakhala momwemo nthawi yonseyi, likhoza kudikirako pang'ono mbewu igawidwe kaye. Amenewo ndi mawu a komisau, ine ndangonyamula.

Koma ndinene zanga. Ukudziwa kuti ndimakhala kwa a tiya ako, tsidya la mtsinje. Kuno kwa amayi ako ndine mwinimbumba, ndikatsokomola anthu amatembenuka. Kumeneko ndine mkamwini ngati alamu anga omwe, kungoti ine sindinaterereke. Imvi zandimerera pa munda umenewo, koma chikabwera chogawa amaitana a Mónica, ine n'kumadikira panja ndi njinga. Tsiku la adubu lija, selula imene inalira kwathu inali yanga. Denise, ndinasamba masana. A Serafim anaitana kuti "Venâncio!" anthu onse akumva, ndipo ndinasayina ndi dzanja langa, mosafulumira. Adubuyo sindinagulitse, ndinakatula kwa a tiya ako. Anati, "Zikomo, abambo." Mawu amenewo ndinawamva komaliza tili pa chibwenzi.

Mlongo wanga alandire mbewu yake, pamenepo sindisuntha. Koma ndikufunse monga munthu amene anakugulira kope lako loyamba: kodi static yakoyo sungaichotse kwa amayi ako okha, kwa ine n'kuisiya?

Atsibweni ako,
Venâncio

Beira, 31 Outubro 2025

Atsibweni anga,

Mwandiseketsa mpaka misozi, kenaka misoziyo inasanduka yeniyeni. Ndikanakhala ndi ana a shikola ndikanakuimikani kutsogolo ngati chitsanzo cha ligação dinâmica. Dzina ndi limodzi, Venâncio, koma tikafunsa kuti munda ndi wa yani, tsidya la amayi akuyankha mwinimbumba, tsidya lina akuyankha mkamwini.

Komabe mapanga awiri avumbwitsa. Liwulo silichotsedwa kwa munthu mmodzi, chifukwa lili m'chikombole, osati m'njerwa. Ndalifufuta dzulo. A komisau ngati akufuna kuti minda ikhale ya amuna, akanene pabwalo akazi awo ali pomwepo, asabisale kuseri kwa cholakwa cha Valter ndi ine.

Kuyambira pano, pa banja la chikamwini uthenga uzipita kwa mkazi amene dzina lake lili pa mundawo tsiku lotumizalo. Mauthenga a mbewu atuluka Lachitatu. Amayi atulutse selula mu nyemba.

Za Natale sindikudziwanso. Ashefi akuti Dezembro tikhala ku Chimoio pa ntchito ina. Muwauze mwanzeru, inu mumatha.

Denise

Lifidzi, 7 Novembro 2025

Denise mwana wanga,

Ndine amayi ako. Ndalemba ndekha. Ndinalekeza klasi yachitatu kwa masisitere, choncho zilembo zikapindika uziwongole wekha. Ajambula ndi a Sesilia. Ndili moyo. Kaya iwe.

Makalata ako onse anandiwerengera atsibweni ako, kupatula yomalizayi. Imeneyo anawerenga a Mónica, poti unaitumiza pa selula yawo monga umachitira nthawi zonse. Anaiwerenga mokweza, pachitsime. Atsibweni ako masiku ano salankhula miyambi, akungolima. Koma a Mónica anena kuti tsiku lokatenga mbewu apita nawo, avale kazako wawo, alowe onse m'kati, njinga idikire yokha panja.

Lachitatu abambo ako anabwera ndi mota ndi magalasi awo. Anaima pansi pa mtengo wa ku almazeni atakweza selula m'mwamba, akusintha dzanja likatopa. Za akazi zinalira ponseponse, yawo zii. Anafunsa a Serafim ngati rede yafa. A Serafim anati rede ili bwino, mwana wanu injinyera wakonza makina. Anapita osatsanzika. Amuna a Sesilia nawo akumbukira kuti anasiya ntchito ku Moatize.

Yanga ndinaitulutsa mu nyemba, koma sinalire. Usathamangire ku zikombole zako, makina sanalakwe. Ndinamva bwino zimene unalemba, kuti tsopano amafunsa tsiku lomwelo kuti pamundapo pali dzina la yani. Ndiye Lolemba ndinapita kwa a Serafim, atsibweni ako ali mboni, ndinati afufute Serafina alembe Denise, ndi nambala yako. Mundawo unali wa amayi anga, unakhala wanga, ukanakhala wako ndithu. Ine ndangofulumizako.

Choncho uthenga umene unalowa mu selula yako Lachitatu si woyesa makina ayi. Ndi wako. Mbewu amapereka kwa mwini wake, osati wotumidwa, ndipo lamulo limenelo a Serafim akuti munaika ndinu ku Beira. Almazeni atseka Loweruka la sabata yamawa, zotsala abweza ku Ulongwe. Mizere ndinakweza kale. Mvula yagwa kamodzi, nthaka yafewa.

Zoti unasankha abambo ako ndasiya kuganiza. Koma ineyo sunandisankhenso. Ndakuitana ndi pakamwa, ndakuitana kudzera mwa atsibweni ako, chaka chatha ndinakuitana ndi malungo, unatumiza mapiritsi pa shapa, minibasi ija. Abambo ako anabwera kuchokera ku Kalomwe chifukwa cha matumba awiri. Amuna a Sesilia anachokera ku Moatize. Ndati nanenso ndiyese njira imene yagwira kwa ena.

Shapa yochokera ku Tete imafika ku Ulongwe masana. Ubwere ndi nsapato zolimba, kuno kuli matope. Ukapanda kubwera munda ugona, ndipo ulendo uno palibe Valter woti timunamizire.

Ndine amayi ako,
Serafina